Nsomba Zodyera Kumunda

Nsomba ija amati salmon ndi mlenje. Ikakhala payokha m'nyanja zozizira za kumpoto kwa dziko lapansi imasaka tinsomba tinzake ndi tinkhanu, ndipo sidziwa n'komwe kuti kumtunda kuli minda. Koma salmon zambiri zimene anthu akudya lero sizinasakepo kanthu chibadwire. Zimakulira m'zikwere zikuluzikulu zoyandama m'mphepete mwa nyanja ku Norway, Scotland ndi Chile, zikudya timibulu towazidwa ndi makina. M'chaka cha 1990, pa magawo 100 alionse a timibulu ta ku Norway, pafupifupi 90 ankachokera m'nyanja momwemo: ufa wa nsomba ndi mafuta a nsomba. Pofika 2020 zinthu zinali zitatembenuka, moti magawo opitirira 70 anali a kumunda, monga soya, tirigu, nyemba ndi mafuta a canola, mbewu yapachibale ndi repu uja timathyola kudimba. Mafuta a nsomba, amene kale anali magawo 24, anatsika kufika pa 10.

Ine salmon si ndiwo yanga. Ndinakulira usipa, matemba ndi utaka, ndipo chambo chinkafika pakhomo pathu kukabwera mlendo wolemekezeka kapena mwezi ukatha bwino. Komabe nkhani ya mafutayi yakhala ikundizungulira m'mutu, chifukwa pansi pake pagona funso limene nafenso a m'mbali mwa nyanja zathu tiyenera kuliyankha posachedwa: kansomba kakang'ono kakavuulidwa m'madzi, kalowe m'kamwa mwa yani?

Mafuta a nsomba amafinyidwa ku tinsomba toyenda m'chigulu, ta msinkhu wa usipa kapena kuposerapo pang'ono. Mfumu ya tonseti ndi anchoveta wa ku Peru, amene wagwidwa wochuluka kuposa mtundu wina uliwonse wa nsomba m'mbiri ya usodzi. Sitima zikakocheza padoko la Chimbote, nsombazo sizilowera kumsika. Zimapopedwa m'mapaipi mpaka m'fakitale, kumene zimaphikidwa, kufinyidwa n'kuumitsidwa. Zoumazo zimagayidwa kukhala ufa, ndipo m'madzi ofinyidwa aja ndi momwe amayengamo mafuta. Masamu ake ndi owawa. Kuti papezeke kilogalamu imodzi ya mafuta pamafunika makilogalamu pafupifupi 20 a nsomba, ngakhale kuti nsomba zomwezo zimasiyanso makilogalamu anayi kapena asanu a ufa.

Dziko lonse limapanga matani pafupifupi 1 miliyoni a mafutawa pachaka, ndipo chiwerengerochi chaima pomwepo kwa zaka makumi angapo, poti nyanja sibereka zochuluka chifukwa chakuti ogula achuluka. Pamene mafuta aima chomwecho, ulimi wa nsomba wakula modabwitsa. Bungwe la FAO linalengeza kuti m'chaka cha 2022, kwa nthawi yoyamba, nsomba ndi zamoyo zina za m'madzi zochita kuweta zinaposa zogwidwa ndi asodzi. Zinakwana matani 94.4 miliyoni, omwe ndi magawo 51 pa 100. Zofuna kudya zikuchulukirachulukira, mafuta ndi omwe aja.

Ndipo ngakhale omwe ajawo ndi osadalirika. Anchoveta amakonda madzi ozizira amene amatumphuka kuchokera pansi pa nyanja atanyamula chonde. Akabwera El Niño, yemwe uja amatiumitsira chimanga kuno kumwera kwa Africa, madzi a ku Peru amafunda ndipo nsomba zimabalalika. Mu 1970 asodzi a dzikolo anagwira matani oposa 12 miliyoni. Patangopita zaka ziwiri El Niño wa 1972 anapeza nsomba zitachepa kale chifukwa chogwidwa mopyola muyeso, usodzi wonse n'kugwa chagada, ndipo unatenga zaka zambiri kuti udzukenso. Mu 2023 boma la Peru linathetsa nyengo yoyamba ya usodziwu poona kuti m'madzi mwachuluka tiana, ndipo mtengo wa mafuta a nsomba unakwera kufika pomwe unali usanafikepo. Choncho tisanamizane kuti makampani opanga chakudya cha nsomba anatembenukira kumunda chifukwa chomvera chisoni tinsomba. Anatembenuka chifukwa mafuta anasowa, ndipo opezekawo anadula.

Chimene chimandiwawa kwambiri pankhaniyi sichili ku Peru, kumene anthu sadya anchoveta wochuluka. Chili kumadzulo kwa Africa. Ku Mauritania, Senegal ndi Gambia, nsomba zotchedwa sardinella ndi bonga ndiye ndiwo ya munthu wamba. Amayi amaziwamba ndi kuziyanika m'magombe, amalonda n'kupita nazo kutali mpaka kumaiko opanda nyanja monga Mali ndi Burkina Faso. Kuyambira cha m'ma 2010 mafakitale a ufa ndi mafuta a nsomba anamera motsatizana m'magombe amenewa, ochuluka mwa iwo mumzinda wa Nouadhibou. Lipoti la mabungwe a Greenpeace Africa ndi Changing Markets la mu 2021 linati nsomba zoposa matani 500,000 pachaka zikugayidwa n'kutumizidwa ku Ulaya ndi ku Asia, nsomba zimene zikadatha kudyetsa anthu 33 miliyoni. Mayi wowamba nsomba amagula beseni limodzi kapena awiri, ndipo amanenerera mtengo. Fakitale imagula boti lonse, ilipiriratu. Msodzi akasankha fakitale simungamunene kuti ndi woipa mtima, koma beseni la mayi uja libwerera kunyumba lopanda kanthu, ndipo kumidzi ya kutali ndi nyanja ndiwo ikwera mtengo popanda wowauza chifukwa chake.

Ndikalingalira zimenezi mtima wanga umakhala kumbali ya mafuta a kumunda. Supuni iliyonse ya canola yolowa m'timibulu tija ndi tinsomba tingapo totsala m'madzi, kapena tofika m'mbale ya munthu. Nsombazo nazo sizikana. Kafukufuku wa zaka zambiri waonetsa kuti salmon imakula bwinobwino ngakhale gawo lalikulu la mafuta a nsomba litachotsedwa n'kuikapo a zomera, pakuti ntchito yaikulu ya mafuta m'thupi ndi kupereka mphamvu, ndipo pa mphamvu mafuta onse ndi amodzi. Pali phindu linanso. Poizoni wa m'mafakitale monga dioxin ndi PCB, amene amakathera m'nyanja n'kuunjikana m'mafuta a tinsomba, wachepa m'nyama ya salmon yoweta kuyambira pomwe chakudya chake chinasintha.

Koma ntchito ya mafuta sithera pa mphamvu. M'mafuta a nsomba muli mitundu iwiri ya omega-3 yotchedwa EPA ndi DHA. DHA ndi chimodzi mwa zomangira ubongo ndiponso kachikopa ka mkati mwa diso kamene kamalandira kuwala. Mwana amaifuna kwambiri akadali m'mimba komanso pamene akuyamwa, ndipo amaitenga kwa mayi ake. Ziwirizi zimathandizanso mtima ndi mitsempha ya magazi. Thupi la munthu limatha kuzipanga lokha kuchokera ku omega-3 wa m'zomera wotchedwa ALA, koma limapanga zochepa kwambiri. Kusikelo akamauza amayi oyembekezera kuti azidya nsomba, ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zake.

Chodabwitsa n'chakuti nsomba za m'nyanja yamchere si eni ake a mafutawa. Zimangosungira. Mwini wake ndi ndere, tizomera tosaoneka ndi maso toyandama m'madzi. Tizilombo ting'onoting'ono timadya ndere, anchoveta amadya tizilomboto, nsomba yaikulu n'kudya anchoveta, ndipo ulendo wonsewu mafuta akungosamuka kuchoka m'thupi ili kulowa m'linzake. Soya, mpendadzuwa, kanjedza, canola, palibe ngakhale chimodzi chimene mwachibadwa chili ndi EPA kapena DHA. Amene anaswapo dzira la nkhuku yachikuda pambali pa la nkhuku yodyera m'khola amadziwa kuti chikasu cha mkati mwake sichifanana, chifukwa chomwe chalowa kukamwa chimakaonekera m'kati. Nsomba nayo n'chimodzimodzi, kungoti kusiyana kwake diso silingakuone.

Akatswiri a payunivesite ya Stirling ku Scotland anayeza salmon zoweta zoposa 3,000 za pakati pa 2006 ndi 2015, ndipo anapeza kuti EPA ndi DHA zatsika ndi theka. Mu 2006 chidutswa chimodzi cha magalamu 130 chinkakwanira mlingo umene munthu amafuna pa sabata yathunthu. Pofika 2015 panafunika zidutswa ziwiri. Dzina la nsomba silinasinthe, kufiirira kwa nyama yake sikunasinthe, ndipo wogula sakanazindikira kanthu poiyang'ana pashelefu. Kunena chilungamo, salmon yoweta ikadali m'gulu la zakudya zolemera kwambiri ndi omega-3, popeza ndi nsomba yonona mwachibadwa. Koma theka ndi theka basi.

Apa ndi pomwe ndimaima n'kudzifunsa chimene timawetera nsomba. Ngati cholinga ndi makilogalamu a nyama, nkhani yatha kale ndipo munda wapambana. Koma nyama yokha nkhuku ikhoza kutipatsa, ndipo zomanga thupi zilimo ndithu m'nyemba ndi m'nandolo. Nsomba timaifunira chinthu chimene zinzakezo zilibe, ndipo chinthucho n'chomwe chikuchepa. Ngakhale nsombayo imachifuna pa moyo wake. Akatswiri a ku Norway apeza kuti EPA ndi DHA zikachepetsedwa kwambiri, salmon imakulabe koma imafooka ikakumana ndi zovuta za m'zikwere, monga nthawi yoichotsa nsabwe za m'madzi, ndipo zambiri zimafa. Nsomba za m'nyanja ya Mediterranean, monga sea bream ndi sea bass, ndiye zimavutika koposa, chifukwa matupi awo satha kwenikweni kusandutsa mafuta a zomera kukhala awiri aja.

Eni ntchitoyi sanakhale manja lende. Ena amadyetsa mafuta a zomera nthawi yonse ya kukula, kenaka miyezi yomaliza nsomba zisanakololedwe n'kubwezera mafuta a nsomba kuti omega-3 akwerenso. Zimathandiza, ngakhale sizibweza zonse. Ena atembenukira ku mitu, matumbo ndi minga zotsala pokonza nsomba zodya anthu, zomwe kale zinkatayidwa, moti lero pafupifupi theka la mafuta a nsomba padziko lapansi likuchokera ku zotsalirazi. Ena apita kwa mwini wake weniweni. Kampani ya Veramaris inatsegula fakitale ku Blair, m'chigawo cha Nebraska ku America, mu 2019, kumene imaweta ndere za m'nyanja m'matanki akuluakulu, kuzidyetsa shuga wa chimanga, n'kumafinyamo mafuta okhala ndi EPA ndi DHA popanda kupha nsomba ngakhale imodzi. Enanso, monga akatswiri a ku Rothamsted ku England, aika majini a ndere m'mbewu zamafuta kuti munda uzibereka zomwe nyanja imabereka, ndipo mu 2023 dziko la Norway linaloleza mafuta a canola wotere m'chakudya cha nsomba. Njira ya ndere imandikomera chifukwa ndi yachidule. Komabe zonsezi ndi zodula, luso lake lili m'manja mwa makampani owerengeka, ndipo mlimi wa maiwe awiri ku Zomba kapena ku Mchinji sazifikira chaka chino kapena chamawa.

Munda nawo si waulere. Walira mvula walira matope. Nkhalango zambiri za ku Indonesia ndi Malaysia zagwetsedwa kuti pabzalidwe kanjedza wamafuta, ndipo tchire la Cerrado ku Brazil likutha ndi minda ya soya. Tinaonanso mu 2022, nkhondo itabuka ku Ukraine, dziko limene linkatsogola pogulitsa mafuta a mpendadzuwa, ndipo Indonesia italetsa kwa kanthawi kutumiza kunja mafuta a kanjedza, momwe botolo la mafuta ophikira linathawira m'manja mwa anthu ambiri kuno kwathu, n'kutsala ogula omangidwa m'timapepala. Mitengo ya mafuta a zomera imakokana padziko lonse, choncho mlimi wa salmon ndi mayi wokazinga zitumbuwa ku Ndirande amagula pamsika umodzi ngakhale sadziwana. Koma tiyeze bwino. Dziko limapanga matani oposa 200 miliyoni a mafuta a zomera pachaka, pomwe a nsomba ndi miliyoni imodzi. Kuchotsapo pang'ono pa mulu waukuluwo sikupweteka ngati kukokolola kamulu kakang'onoko.

Kwathu kuno nkhaniyi imayenda mosiyana, ndipo tili ndi mwayi umene a ku Norway analibe. Iwo atha zaka makumi atatu akuphunzitsa mlenje kudya zakumunda. Ife nsomba zimene timaweta ndi zodya zomera kale. Makumba ndi chambo zimasefa ndere ndi tizilombo ta m'madzi, chilunguni chimadya masamba, ndipo mlamba wokha ndiwo wokonda nyama, ngakhale nawo susankha. Nsomba za m'madzi opanda mchere ngati zimenezi zili ndi mphatso yakuti matupi awo amatha kutenga ALA n'kumusandutsa EPA ndi DHA, mopambana kwambiri zinzawo za m'nyanja yamchere. Chakudya chawonso sichilira mafuta ambiri. M'timibulu ta salmon gawo limodzi mwa magawo atatu ndi mafuta, pomwe m'ta nsomba za mtundu wa chambo kawirikawiri safika magawo 10 pa 100.

Malume anga anali ndi maiwe m'dambo kufupi ndi Domasi, dera limene ulimi wa nsomba unazika mizu kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Thumba la chakudya cha nsomba sanaligulepo. M'mawa ankawaza madeya, masana n'kuponyamo masamba a maungu ndi a mbatata, ndipo pangodya ya dziwe lililonse panali kampanda ka nsungwi kothiramo manyowa a mbuzi ndi zitosi za nkhuku. Ndikawauza kuti, "Malume, madziwa adatu," ankangoseka. "Mphwanga, madzi oyera ndi oti umwe iweyo. Nsomba imafuna obiriwira." Ankaviika mkono mpaka m'chigongono, ndipo chikhatho chikamaonekabe ankadziwa kuti manyowa achepa. Kubiriwira kumene kuja kunali ndere, gwero la omega-3 m'dziwe, ndipo nsomba zawo zinkadzitolera zokha tsiku lonse.

Koma sindifuna kukometsa umphawi. Nsomba za malume zinkakula mochedwa, zinkaswana mpaka kudzaza dziwe ndi tiana tosakula, ndipo tsiku lokolola zinkathera kwa anansi ndi achibale pangongole. Madeya ali ndi zomanga thupi zochepa. Ulimi wotere umapatsa banja ndiwo, koma sungadyetse Lilongwe ndi Blantyre. Ndipo mizindayi ikufuna chambo chimene nyanja yaleka kupereka. Mu 2018 bungwe la IUCN linaika mitundu itatu mwa inayi ya chambo m'gulu la zamoyo zotsala pang'ono kutheratu. Kusowa kwa chamboku ndiko kunabweretsa zikwere. Kampani ya Maldeco inayamba kuweta chambo m'zikwere ku Mangochi cha m'ma 2004, ndipo ku Siavonga, panyanja ya Kariba ku Zambia, zikwere zachuluka mpaka kukopa mafakitale opanga chakudya choyandama, chomwe alimi ena a ku Malawi amachita kuitanitsa.

Nsomba ya m'chikwere simadzitolera zambiri. Pafupifupi chilichonse chimene chidzakhale m'thupi mwake chimachokera m'thumba, ndipo thumbalo ndilo limadya ndalama zopitirira theka la zonse zimene mlimi amalowetsa. Wopanga chakudya akamafuna kuti nsomba zikule msanga, amadziwa kuti ufa wa nsomba ndi wosapambanika, ndipo akaponya maso kufuna nsomba yotsika mtengo yoti agaye, woyamba kumuonekera ndi usipa. Njira imeneyi ena anaidutsa kale. Panyanja ya Victoria pali kansomba kamene a ku Tanzania amati dagaa, a ku Kenya omena, a ku Uganda mukene, ndipo gawo lalikulu la kansombaka limathera m'zigayo za chakudya cha ziweto, makamaka nkhuku. Chakudza sichiimba ng'oma. Palibe adzalengeze pawailesi kuti usipa wayamba kudyedwa ndi chambo. Tidzangoona mulu wa pamsika ukuchepa pa mtengo womwe uja.

Choncho kwa ife kudyetsa nsomba zakumunda ndi njira yabwino, koma nayo ili ndi msampha wake. Mu 2008 akatswiri a payunivesite ya Wake Forest ku America anayeza tilapia yoweta yogulitsidwa m'masitolo, yomwe ndi m'bale wake wa chambo, n'kupeza kuti ili ndi omega-3 wochepa ndi omega-6 wochuluka. Nyuzipepala zinakokomeza nkhaniyi mopitirira, koma phunziro lake ndi loona: mphatso ija yosandutsa mafuta imagwira ntchito pokhapokha nsomba ikapatsidwa choti isandutse. Mafuta a zomera sali ofanana. A mpendadzuwa, a mtedza ndi a thonje ali ndi omega-6 wambiri, ALA n'kukhala ngati mulibiretu. A soya ali ndi ALA pafupifupi magawo 7 pa 100, a canola pafupifupi 10, pomwe a mbewu ya flax amapitirira theka. Ndipo popeza omega-6 ndi ALA zimalimbirana njira imodzi m'thupi la nsomba, kuchulukitsa wina ndiko kutsekereza mnzake.

Zimenezi zikutanthauza kuti keke ya mpendadzuwa yotsala pofinya mafuta, ngakhale ndi yotsika mtengo ndipo imapezeka, payokha siingatipatse nsomba imene tikuifuna. Soya wathu wa ku Mchinji, Kasungu ndi Dedza, akakazingidwa kapena kuphikidwa bwino kuti chija chimalepheretsa kugaya chakudya m'mimba chife, amabweretsa zomanga thupi ndi mafuta pamodzi. Ndipo mlimi wa m'maiwe amene wayamba kugula timibulu asaleke kuthira manyowa, chifukwa madzi obiriwira akumupatsa kwaulere chimene a zikwere za ku Ulaya akuchilipira ndalama zankhaninkhani.

Tsono usipa tiusiyire anthu. Lero usipa ndi woposa theka la nsomba zonse zogwidwa m'Malawi, ndipo ndi nsomba yokhayo imene imafika paliponse. Sufuna firiji. Ukauma pathandala umakwera minibasi, umakwera njinga, n'kukafika pamsika wa kumudzi komwe chambo chachiwisi sichinapondeko. Umagulidwa pamulu, mwa ndalama imene munthu ali nayo tsiku limenelo. Ndipo umadyedwa wathunthu, mutu, maso, minga ndi zam'mimba, kumene kuli kashiamu, ayironi, zinki, vitamini A ndi mafuta aja. Chambo choweta chimagulitsidwa pakilogalamu m'tauni, wodya n'kusiya minga pambale. Kugaya usipa kuti udyetse chambo ndiko kulanda ndiwo kwa wa ndalama zochepa n'kuipereka kwa wa ndalama zambiri, ndipo yambiri imatayika panjira, chifukwa nsomba yodyayo imagwiritsa ntchito gawo lalikulu pa moyo wake womwe.

Ndikudziwa chomwe angandiyankhe munthu wa kudoko, ndipo yankho lake si lopepuka. Alovi achezera usiku wonse ndi nyali ndi chilimira, m'mawa usipa wadzaza maboti, kenaka mvula yagwa masiku atatu osalekeza. Pamathandala usipa ukunyowa, ukuyamba kununkha, ndipo amalonda akutchula mtengo wachipongwe podziwa kuti msodzi alibe kolowera. Pa tsiku lotere, galimoto ya kuchigayo yogula zonse ndi mpulumutsi. Amene sanagonepo panyanja asafulumire kuweruza.

Ndikuvomera kuti usipa woonongeka, fumbi lotsala pansi pa matumba, ndi mitu ndi matumbo a nsomba zokonzedwa, zonsezi zipite ku chakudya cha ziweto m'malo motayidwa. Chimene ndimaopa ndi malire ake. Chigayo chikayamba kulipira mosayang'ana ukhondo, chifukwa chosamalira nsomba chimachepa. Kunyanja ya Victoria dagaa wambiri amayanikidwa pamchenga, ndipo akadzaza mchenga sayeneranso mbale ya munthu, amangoyenera chigayo. Zikatero woonongeka amachuluka chifukwa wapeza msika. Mankhwala a usipa wowola ndi kuuumitsa bwino. Matenti oumitsira nsomba ndi dzuwa ayesedwa kale m'madoko ena a ku Mangochi ndi Salima, ndipo nsomba zake zimatuluka zoyera ngakhale nthawi ya dzinja. Ndalama imene ikadamanga fakitale yogaya usipa ikhoza kumanga matenti ambirimbiri otere, msodzi n'kupeza mtengo wabwino kwa wogula amene akukadya yekha.

Pali zinthu ziwiri zimene ndikadakonda kuziona ulimiwu usanakule kwambiri. Choyamba, akatswiri athu a ku Bunda ndi ku Domasi akamayesa zakudya zatsopano za nsomba, asamalekere pa sikelo. Kulemera kwa nsomba ndi nkhani ya mlimi, koma zomwe zili m'nyama yake ndi nkhani ya mwana amene adzaidye, ndipo zomwe anapeza a ku Stirling zikutionetsa kuti ziwirizi zikhoza kusiyana njira popanda wozindikira kwa zaka khumi. Chachiwiri, pathumba lililonse la chakudya cha nsomba pazilembedwa poyera mtundu wa mafuta amene alimo, komanso ngati muli ufa wa nsomba, ndi nsomba yanji ndipo yachokera kuti. Mlimi ali ndi ufulu wodziwa chomwe akuwaza m'dziwe lake, ndipo dziko liyenera kudziwa kuchuluka kwa usipa umene ukulowera kuchigayo lisanadzidzimuke.

Sindikuyembekezera kuti chambo chodya soya chidzafanane ndi chambo cha m'nyanja, kapena kuti chidzalowe m'malo mwa usipa pa thanzi la mwana. Sichiyenera kutero. Ntchito yake ndi kuchulukitsa ndiwo, kupatsa mlimi wa soya msika wapafupi, ndi kupumitsa chambo chotsala m'nyanja kuti chiswane. Ntchito zitatuzi chingazigwire bwino ndi zokolola za m'minda yathu ndi madzi obiriwira a m'maiwe athu. Nsomba yoweta ibwere kudzaonjezera pa usipa, isabwere kudzaudya.